Kope la Mwana wa Sukulu ndi Mbiri ya Kagulidwe ka Boma

Mwana wa sukulu ku Matandani, m'boma la Neno, akalandira kope kwa aphunzitsi ake safunsa kumene lachokera. Koma kope limenelo lidagulidwa ndi ndalama za msonkho, ndipo lero tikamba za amene amayang'anira kagulidwe kotereka.

M'masiku a Nyasaland, katundu wambiri wa Boma ankagulidwa ku London kudzera mwa a Crown Agents. Titalandira ufulu mu 1964, mphamvu idatsalabe pamalo amodzi: bungwe la Central Tender Board ndilo linkasankha wogulitsa Boma katundu wamkulu. Njira yake inali ya tenda, ndiko kuti Boma lilengeze chimene likufuna, amalonda alembe mitengo yawo m'makalata omata, ndipo makalatawo atsegulidwe tsiku limodzi. Mawu ameneŵa ndi obwereka, ndipo tikawachulukitsa amamveka ngati matenda. Ena amaseka kuti kufananako sikudangochitika.

Chaka cha 1994 ndicho chidayesa njira imeneyi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3.2 miliyoni. Aphunzitsi amene adalipo amakumbukira makalasi a pansi pa mitengo ndi ana olemba pamchenga. Makope adafunikadi, ndiponso msanga. Nduna ya zamaphunziro, a Sam Mpasu, idapereka ntchito yobweretsa makopewo ku kampani ya ku Britain yotchedwa Fieldyork International popanda kutsata njira zoikika. Paja akulu adati kuthamanga sikufika. Nkhaniyi idayenda zaka zambiri, a Mpasu nkukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, mpaka mu 2008 khoti lidawapeza olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika ndi kuwalamula kukhala kundende zaka 6. Adatuluka mu 2010. Taonani kuti cholinga chinali chabwino, ana analidi pa umphaŵi wa makope. Koma ndi pa changu chotere pomwe lamulo limafunika koposa, pakuti aliyense wolumpha mpanda amanena kuti anali wofulumira.

Mu 2003, chaka chomwenso Neno adapatulidwa ku Mwanza nakhala boma palokha, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la kagulidwe ka Boma. Mphamvu yogula idachoka pakati nigaŵidwa: unduna uliwonse ndi khonsolo iliyonse idayenera kukhala ndi komiti yakeyake yoona za kugula. Pamwamba padaikidwa ofesi ya Director of Public Procurement, yosagula kanthu koma yoyang'anira ogulawo.

Tsono mlonda amalonda khomo limene adamuika. Mu Seputembala 2013, mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, atawomberedwa ku Lilongwe, kudaululika zimene zidatchedwa Cashgate. Kumeneko tenda sadaikhotetse ayi, adangoilambalala. Macheke ankatuluka m'makompyuta a Boma kulipira makampani amene sadapereke ngakhale pensulo imodzi. Akatswiri oŵerengera chuma a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidaloŵa m'madzi m'miyezi 6 yokha, ndipo maiko othandiza adaimika thandizo lawo la ku bajeti.

Lamulo la 2017 lidasandutsa ofesi ija kukhala bungwe loima palokha la PPDA. Lidaipatsanso ntchito yoona kagulitsidwe ka katundu wakale wa Boma, monga magalimoto otha, nililamula kuti Boma likafuna kugula kwa wamalonda mmodzi popanda mpikisano, bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB liyambe lapenda.

Kunena zoona, kugaŵa mphamvu kuja kudabweretsa nkhaniyi pafupi ndi ife. Chipinda cha sukulu kapena mlatho waung'ono wa kumapiri a Neno tsopano zingathe kupatsidwa kwa womanga ndi komiti ya pa boma pomwepo, ya anthu amene amadziŵana maina ndi opikisanawo, napemphera nawo, nakumana nawo pamaliro. Mlonda wa ku Lilongwe amaona mapepala okha. Amene amaona ngati simenti idakwanira pakhoma ndi komiti ya sukulu, mfumu ndi makolo, mvula yoyamba ikagwa.