Duwa la Thonje ndi Mfundo ya Ambuya

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale m'komboni muno mu Lusaka, koma mchombo wanga unagwera ku Katete. Chaka chatha atsikana asanu a giredi 11, amene amaphunzira zosokasoka, anandipeza pa nthawi yopuma. Ankafuna kukonza zovala zisanu ndi chimodzi zoti akaonetse pa tsiku la makolo, ndipo mutu wawo unali maluwa. Mtsogoleri wawo anandionetsa pafoni zithunzi za ziboliboli za Agiriki akale, akazi amwala ovala nsalu zamakwinya zotsika ngati madzi.

"Madamu, tifuna zotere. Tiuzeniko mbiri yake," anatero.

Ndinawafotokozera zimene ndimadziwa. Chovala cha Agiriki chotchedwa chiton chinali nsalu yamakona anayi, yosadula, yogwidwa ndi mapini paphewa ndi lamba m'chiuno. Pamwamba pake ankafunda ina yotchedwa himation. Aroma anali ndi toga, Amwenye mpaka lero ali ndi sari. Ku Paris, kuyambira zaka za m'ma 1930, mayi wina wotchedwa Madame Grès anatchuka chifukwa chokwinya nsalu pathupi la munthu motsanzira ziboliboli zomwezo. Nditamaliza ndinawafunsa ngati anaonapo munthu wamoyo atavala nsalu yosadula. Onse anapukusa mitu. Komatu awiri mwa iwo anali ndi zitenge m'zikwama zawo, zoti amange pamwamba pa yunifomu akafika kunyumba.

Nditawakumbutsa, mmodzi anaseka. "Chitenge si fashoni, Madamu. Ndi cha kumaliro ndi kukhitchini. Ndiponso si chathu, chimachokera ku China."

Mawu amenewa anandikhala pamtima, chifukwa theka lake ndi loona. Pa tchuthi cha Ogasiti ndinakwera basi ya kummawa ndi funso limodzi m'mutu: ngati nsaluyo si yathu, chathu n'chiyani?

Ndinayambira kwa ambuya anga, amene amakhala kumudzi cha ku Sinda. Iwo sanavalepo nyanda, koma anaiona ali mwana, agogo awo akuifunda. Nyanda, imene ena amati chiwondo, inali nsalu ya khungwa la mtengo. Amuna ankasenda khungwa la mombo, n'kuchotsa chikamba chakunja, n'kuliviika m'madzi, kenako n'kulisula ndi kachibonga pamwamba pa chipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Panalibe sizasi, panalibe zipi. Mkazi ankaizunguliza m'chiuno kapena m'khwapa n'kuimanga. Mwamuna ankavala chikopa kapena nyanda yomweyo. Choncho luso loyamba la kavalidwe kwa Achewa linali kumanga.

Si khungwa lokha limene makolo athu ankadziwa. Anthu a mtundu wa Amaravi, umene Achewa, Anyanja ndi Amang'anja anachokeramo, ankalima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akupota ndi kuwomba m'midzi yawo, ndipo analemba kuti anali ndi mitundu ya thonje imene ankaisiyanitsa ndi maina, lina lobwera, lina lakwawo. Nsalu yolimba ya thonje ya m'chigwa cha Zambezi ndi Shire inkatchedwa machila, ndipo inkagulitsidwa kutali. Ana anga a sukulu akamva mawu akuti machila amaganiza za chonyamulira odwala basi. Sadziwa kuti dzinali linayambira pa nsalu imene ankaipachika pamtengo ponyamula munthu.

Nsalu zobwera nazonso si za dzulo. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique, kumpoto kwa Tete. Kwa zaka mazana angapo nsalu za ku Gujarat ku India zinkafika pagombe la Mozambique, n'kukwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete, n'kulowa m'dziko la Undi posinthana ndi minyanga ya njovu ndi golide. Mu 1831 gulu la Apwitikizi, mmene munali António Gamitto, linanyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe kudzera m'dziko la Amaravi ndi Achewa, ndipo linasenza mitolo ya nsalu yolipirira njira kwa mafumu ndi yogulira chakudya. Nsalu inali ndalama. Chowawa n'chakuti m'zaka zomwezo nsalu inkagulanso anthu. Pamene malonda a akapolo anakula, munthu wamoyo ankasinthanitsidwa ndi mikwamba ya nsalu. Nsalu yoyera yotchedwa merikani, imene dzina lake likuchokera ku America kumene inkawombedwa, inkadzera ku Zanzibar m'njira zomwezo za minyanga ndi akapolo. Ndimawauza ana anga kuti akamakamba za kukongola kwa nsalu asaiwale mtengo umene ena analipira.

Atsamunda atakhazikika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anabweretsa msonkho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amuna anayamba kupita ku Walale ndi ku Joni kukafuna ndalama, ndipo pobwera ankanyamula nsalu m'masutikesi. Amwenye anatsegula masitolo ku Fort Jameson ndi m'misika ing'onoing'ono ya m'mbali mwa msewu. Nsalu ya m'sitolo inali yotsika mtengo kuposa nthawi imene munthu ankataya posula nyanda kapena kuwomba, motero maluso awiriwa anafa pang'onopang'ono. Ambuya amakumbukira biriwita, nsalu yakuda imene amai awo ankamanga m'khwapa, ndi chilundu chimene atate awo ankamanga m'chiuno, nthawi zina n'kuponya mbali ina paphewa akamapita kubwalo la milandu. Nditawaonetsa chithunzi cha munthu wa ku Rome atavala toga, anayang'anitsitsa nati, "Uyu ndi nyakwawa wa kuti?"

Nanga maluwa a pa chitenge anachokera kuti? Njira yake ndi yaitali. Ku Java, m'dziko la Indonesia, anthu ankalemba nsalu ndi phula asanaiviike mu utoto, luso lotchedwa batik. Adatchi, amene ankalamulira kumeneko, anayesa kupanga batik ndi makina kwawo ku Ulaya. Fakitale ya ku Helmond imene lero imatchedwa Vlisco inayamba mu 1846. Anthu a ku Java sanaikonde kwenikweni nsalu ya makinayo, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 inapeza msika kumadzulo kwa Africa, ndipo akazi a kumeneko ndi amene anayamba kusankha mitundu ndi kupatsa nsaluzo maina. Kuchokera uko zojambulazo zinafalikira mpaka ku Congo ndi kuno kwathu. Ndiye chifukwa chake pa zitenge zambiri pali maluwa amene simudzawapeza m'dambo lililonse la ku Katete.

Zambia italandira ufulu mu 1964, boma linafuna kuti tizivala nsalu yathuyathu. Kafue Textiles inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la China, inayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kwa kanthawi, thonje la mlimi wa Zambia linkatha kupotedwa, kuwombedwa ndi kudindidwa momwe muno. Itasintha ndale mu 1991, misika inatsegulidwa, mabelo a salaula ndi nsalu zotchipa za ku Asia zinasefukira, ndipo mafakitale athu analephera kupikisana nazo. Mulungushi inaima kupanga nsalu mu 2007. Katswiri wina, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lonse lotchedwa Salaula mu 2000, lofotokoza mmene zovala zakale za kunja zinasinthira kavalidwe ka Azambia. Apa ndi pamene mwana wanga wa sukulu uja ananena zoona: zitenge zambiri za pa Kamwala lero zimachokera kunja.

Amalume anga ku Katete amalima thonje. Amabzala mvula ikagwa, amakolola cha mu Meyi ndi Juni, amagulitsa kwa makampani amene amachotsa njere n'kumanga mabelo. Ambiri mwa mabelo amenewo amatuluka m'dziko. Tsiku lina m'munda mwawo anandifunsa ngati ndikukumbukira duwa la thonje. Limatuluka mmawa lili loyera mosakanikirana ndi chikasu, mawa lake lasanduka lofiirira, kenako lagwa n'kusiya kambulu kamene kadzaphulike thonje. Ndinachita manyazi. Ndinakulira pakati pa minda imeneyi, koma sindinaonepo duwa limeneli pa chitenge chilichonse chimene ndinagula.

Kuchokera ku Katete ndinapita kwa azakhali anga ku Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, chaka chomwe Sinda nayo inakhala boma palokha. Vubwi ili pakati pa malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo pamsika mumamva maina atatu a chinthu chimodzi: ife timati chitenge, a ku Malawi amati chitenje, a ku Mozambique amati capulana. Malire anagawa maina, koma manja akumanga chimodzimodzi. Ndinakhala pakhonde ndi kope, kuwerenga mmene azakhali anagwiritsira ntchito mamita awiri a nsalu pa tsiku limodzi. Mmawa anamanga m'khwapa popita kukasamba. Pophika anamanga m'chiuno, nsonga n'kuilowetsa mkati popanda mfundo. Anaberekera mdzukulu, mfundo ili pachifuwa. Anapinda china kukhala nkhata yosenzera ndowa. Pakona pa chitenge anamangapo ndalama. Madzulo, uthenga wa maliro utafika, anamanga duku, china m'chiuno, chachitatu anafunda m'mapewa. Palibe telala anakhudzapo, koma kamangidwe kalikonse kankauza wodutsa kumene mayiyu akupita ndi chimene chili mumtima mwake.

Loweruka lomaliza la Ogasiti ndinali pa Mkaika, pa mwambo wa Kulamba, pamene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambiranso mu 1984. Anthu ambiri amapitako kukaona Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005. Ine chaka chimenechi ndinapita kukaona nsalu. Ndinaona mafumu atakoleka nsalu paphewa limodzi, dzanja lina lili pamtunda. Ndinaona anamwali akuvina, chitenge chopindidwa chitamangidwa zolimba m'chiuno kuti chionetse kayendedwe ka gule, anamkungwi akuwakonza mfundo asanalowe m'bwalo. Nsalu zambiri pamenepo zinali zodindidwa kunja. Kamangidwe kake kanali ka pa Mkaika.

Pamenepo ndinapeza yankho la funso langa. Nsalu yasintha kasanu: khungwa, machila, nsalu za Amwenye ndi merikani, zitenge za Kafue ndi Kabwe, ndipo lero za ku Asia. Chimene sichinasinthe ndi nzeru ya manja yotenga chinthu chamakona anayi n'kuchisandutsa chovala, mbereko, chikwama ndi uthenga. Agiriki anali nayo nzeru imeneyi, koma yawo inatsala pa miyala. Yathu ikali kuyenda m'minibasi.

Sukulu itatsegulidwa ndinawauza atsikana aja zonsezi. Anagwirizana malamulo awiri. Loyamba, pa zovala zisanu ndi chimodzizo, zitatu zisakhudzidwe ndi sizasi. Lachiwiri, maluwa onse akhale a m'minda ya kwawo. Anasankha duwa la thonje, mpendadzuwa umene wadzaza minda ya kummawa, ndi chiluwe, duwa la maungu limene timadya ngati ndiwo. Mmodzi atawerenga anatulukira kuti mpendadzuwa ndi maungu nazonso zinachokera ku America kalekale, ndipo anakhumudwa. Mnzake anamuyankha kuti chimanga nachonso n'chobwera, koma palibe amene amati nsima si yathu.

Ntchito sinali yophweka. Nsalu yoyera imene anagula m'tauni inali yochokera kunja, ndipo utoto woyamba unasuluka atangochapa kamodzi. Chovala cha duwa la thonje, choyera kumtunda ndi chofiirira kumunsi, anachibwereza katatu. Vuto lalikulu linali lakuti chovala cha paphewa chinkangomasuka mtsikana akayenda. Anayesa mapini, nsalu inang'ambika. Pomaliza ndinaimbira foni msuweni wanga ku Sinda kuti awaonetse ambuya pa vidiyo. Ambuya anayang'ana kamodzi nati, "Iwe mwana, wayambira kolakwika. Yamba kukulunga m'khwapa, ukoke, nsonga ndiye ipite paphewa. Nsalu imagwira nsalu inzake." Chovalacho sichinagwenso. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Pa tsiku la makolo, mayi wina amene amagulitsa tomato pamsika anaimirira pamene mwana wake anatuluka atavala chovala cha thonje. Anazindikira duwalo asanauzidwe, chifukwa nayenso anakulira ku Sinda. Mtsikana uja amene anati chitenge si fashoni tsopano akufunsa funso lina, limene ine mphunzitsi wa mbiri sindingaliyankhe ndekha: chifukwa chiyani thonje la amalume anga liyenera kuwoloka nyanja kaye lisanabwere kudzatikongoletsa? Ameneyo ndi mlandu wa mbadwo wanu.

Inu amene muli ndi ambuya amoyo, kaya ku Chawama, ku Mtendere kapena kumudzi, atengereni chitenge sabata ino muwapemphe akuonetseni kamangidwe kamene amai awo ankamanga. Jambulani ndi foni yomweyo imene mumaonera ziboliboli za Agiriki, ndipo mufunse dzina la kamangidwe kalikonse ndi nthawi imene kankavalidwa. Luso losula nyanda linapita chifukwa ana a nthawi imeneyo ankaona ngati ndi chinthu wamba chosayenera kufunsa. Ine ndayamba kale: m'kope langa muli mitundu isanu ndi inayi ya kamangidwe, ndipo ambuya akuti ikalipo ina imene adzandionetsa ndikadzapita ndi shuga pa Khirisimasi.