Mfuti za Boma, Thumba la Munthu

Agogo anga aamuna, kwathu kwa Zulu, sankanena kuti "ndikupita ku Mchinji". Iwo ankati "ndikupita ku Fort Manning", ndipo ine ndili mwana ndinkaseka poganiza kuti ndi chizungu cha ukalamba basi. Nditakula m'pamene ndidazindikira kuti dzinalo ndi chipsera cha nkhondo ya mu 1898, imene idagwetsa ufumu wa Angoni a Mpezeni, omwe ife a kwa Zulu tili mbali yawo.

Nkhondoyo idayambira papepala. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, adazolowerana ndi Inkosi Mpezeni mpaka adapeza chikalata chomulola kufufuza miyala ya mtengo wapatali m'dzikomo. Chikalatacho chidathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration Company, ndipo ku London anthu adagula masheya atamva kuti kwa Mpezeni kuli golide. Angoni atakana kugonjera, asilikali a boma la Britain adachokera mbali ya kuno kwathu mu Januwale 1898. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, adagwidwa n'kuomberedwa. Ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa. Golide uja? Sadapezeke woti n'kulemeretsa munthu.

Chimene chimandivutitsa mtima pankhaniyi n'chakuti mfuti zidali za boma, koma njala idali ya anthu ochepa amalonda. Ndipo matenda amenewa ndi akale kwambiri, adaphanso dziko limene linkadzitama kuti lilibe mfumu.

Ndikunena Roma. Kwa zaka pafupifupi 500 Aroma ankasankha atsogoleri awo chaka ndi chaka. Atawononga mzinda wa Carthage mu 146 BC, chuma cha maiko ogonjetsedwa chidayamba kusefukira ku Roma. Munthu ankakongola ndalama zogulira mavoti, akapambana n'kutumizidwa kukalamulira chigawo chakutali, kumene ankakolola zobwezera ngongole ija n'kutsalanso ndi zake. Jugurtha, mfumu ya ku Numidia kumpoto kwa Africa, adazemba chilango kwa zaka zingapo pongodyetsa akuluakulu a nyumba ya malamulo. Nkhondo zitachuluka ndi kutalikira, asilikali adayamba kukhulupirira mkulu wawo amene ankawalonjeza minda kuposa dziko lawo. Sulla adalowa mu Roma ndi ankhondo mu 88 BC, Julius Caesar adachitanso zomwezo mu 49 BC, ndipo pofika 27 BC Augustus adali atatenga zonse. Nyumba ya malamulo idatsala, zisankho zinkachitikabe, koma mphamvu idali itasamuka kale.

Mwina mukuti, aaa, ife Amalawi tilibe maiko oti tiwagonjetse, ndiye zikutikhudza bwanji? Zoonadi tilibe. Koma theka lina la matendawa tili nalo ndithu. Mu Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, ataomberedwa ku Lilongwe, nkhani ya Cashgate idaphulika. Zidadziwika kuti anthu ankalowa mu kompyuta za boma, IFMIS, n'kulipira makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta umboni. Kafukufuku wa Baker Tilly adapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha mudasowa ndalama pafupifupi K13 biliyoni. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi mayi wa kumudzi amene adauzidwa kuchipatala kuti akagule yekha mankhwala.

Chimandiopsa kwambiri si kuba kokhako ayi, koma momwe timazolowerera. Timati mbuzi imadya pomwe aimangirira, n'kuseka. Nthawi ya kampeni timalandira nsalu ndi kachikwi, osafunsa kuti wopatsayo adzabweza bwanji ndalama yake. Mroma wamba nayenso ankalandira tirigu n'kuvota.

Chaka chilichonse mu Febuluwale ambiri a kwathu amadutsa pa Mwami kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo dzina la Nsingo limatchulidwa ndi ulemu. Iye mdani wake ankamuona ndi maso, atanyamula mfuti. Wathu lero amavala suti, amalankhula chilankhulo chathu, nthawi zina ndi m'bale wathu amene tikuyembekezera kuti atilipirire fizi. Ameneyo ndiye ndikusowa pomuyambira, abale.