Ngalawa si bwato wamba

Mwana wina anandifunsa ngati ngalawa ndi dzina lina chabe la bwato. Funsolo n'lomveka, poti ambiri mawuwa tinawamvera kutchalitchi, pa nkhani ya asodzi a ku Galileya, ndipo kwathu kuno chombo chilichonse chokulirapo timangochitcha ngalawa.

Mawuwa tinabwereka ku Chiswahili, chilankhulo chimene amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere ankayankhula ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe. Kwa eni akewo tanthauzo lake ndi lolunjika. Ngalawa ndi bwato losema pa thunthu limodzi, kawirikawiri la mango, lokhala ndi thanga komanso matabwa awiri otambasuka ngati mapiko, lina uku lina uku, kuti mafunde asaligubuduze.

Mukafika ku Bagamoyo kapena ku Zanzibar madzi ataphwa, mupeza ngalawa zitakhala pamatope pafupi ndi mitengo yomera m'madzi amchere imene iwo amati mikoko, amayi akutola nkhono chapatali. Madzi akayamba kubwerera, msodzi amakweza thanga n'kunyamuka. Ndimawasirira anthu amenewa, wotchi yawo ndi nyanja.

Tsono kabwato kopalasa ndi nkhafi ka pa nyanja ya Chilwa, ndi bwato basi.