Nkhondo itaima m'ngalande ku Ulaya, kuno inayenda pamitu ya anthu

Pa 9 Seputembala 1914 kunachitika zinthu ziwiri m'maiko otalikirana kwambiri. Ku France, pamtsinje wa Marne, asilikali a Germany amene anali atayenda mwezi wathunthu osapuma anayamba kubwerera m'mbuyo. Kuno kwathu, gulu lina la Majeremani ndi asilikali awo achikuda, lochokera ku Neu Langenburg kumene lero amati Tukuyu, linaukira Karonga koma asilikali a Keyala analibweza. Konse kuwiriko nkhondo yothamanga inathera pomwepo.

Akuluakulu a nkhondo ku Ulaya ankati zitha msanga. Majeremani anakonza zodzera ku Belgium, kutsikira cha ku Paris ndi kugonjetsa France m'masabata 6 okha. Chinawagwetsa ndi miyendo. Msilikali woukira akatsika sitima kumalire ankayenda pansi, katundu ali kumsana, chakudya chikutsatira pangolo za akavalo. Woteteza kwawo anali ndi njanji kumbuyo kwake, moti usiku umodzi ankatha kusamutsa anthu zikwizikwi n'kukatseka pamene pang'ambika. Ndiye panalinso mfuti ya chiwaya, yolavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi. Amuna atatu obisala m'dzenje ndi mfuti imeneyi ankatha kuimitsa gulu lonse lobwera poyera.

Atabwerera, Majeremani anakumba maenje pamtunda woyang'ana mtsinje wa Aisne. Angerezi ndi Afalansa atalephera kuwachotsa, nawonso anakumba. Aliyense anayesa kumzembera mnzake cha kumpoto, wina n'kumutsekera, mpaka onse anakafika kunyanja yamchere, malo ozembera n'kutha. Pofika kumapeto kwa 1914, ngalande zinali zitayala makilomita pafupifupi 700, kuchokera kugombe la Belgium mpaka kumalire a Switzerland.

Ngalandeyo inali yakuya kuposa msinkhu wa munthu, yokhotakhota dala kuti bomba likagwera mkati lisaphe onse. Kutsogolo matumba a mchenga ndi waya waminga, pansi matope oolesa mapazi, makoswe ndi nsabwe. Kuti aukire, ankayamba aomba mizinga masiku angapo, zomwe zinkangouza adani kuti tikubwera, komanso kusandutsa nthaka chithaphwi chosayendeka. Pa 1 Julaye 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, Angerezi oposa 19,000 anafa tsiku limodzi lokhalo, ndipo mzere wa ngalande sunasunthe kwenikweni.

Munthu ukaima pagombe la Senga Bay lero, kapena kumpoto pang'ono ku Domira Bay kumene sitima za nthawi ya atsamunda zinkakocheza, ukuyang'ana msewu waukulu wa nkhondo yomweyo. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndiye mu 1914 aliyense wofuna kutumiza asilikali ndi mfuti kumpoto ankadalira madzi. N'chifukwa chake nkhondo kuno inayambira panyanja. Pakati pa Ogasiti 1914, Captain Rhoades anatenga sitima ya boma yotchedwa Guendolen kupita ku Sphinxhaven, lero Liuli, kumene anapeza sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza, n'kuiombera. Mkulu wa sitimayo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Mfuti ya Guendolen mpaka pano ili ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi. Kuchokera tsiku limenelo nyanja inakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo sitima zonyamula asilikali, kuphatikizapo Chauncy Maples imene boma linabwereka kwa amishoni, zinkadutsa kunyanja ya kuno kuchokera ku Fort Johnston, lero Mangochi, kulowera ku Karonga.

Itatha nkhondo ya ku Karonga, malire a pamtsinje wa Songwe anangoti zii kwa miyezi 20. Panali malinga, maenje ndi magulu olondera oomberana apa ndi apo, koma panalibe wopita patsogolo. Chifukwa chake sichinali chofanana ndi cha ku France. Kumeneko asilikali anachuluka kuposa malo. Kuno malo anachuluka kuposa asilikali, ndipo mbali zonse zinalibe chonyamulira chakudya. M'nthawi yodikira yomweyi, John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene sakuidziwa, ndipo pa 23 Januwale 1915 anaukira boma.

Zinasintha mu Meyi 1916 pamene General Edward Northey anawoloka malire ndi asilikali a ku Nyasaland, Rhodesia ndi South Africa. Anatenga Neu Langenburg, ndipo pofika kumapeto kwa Ogasiti gulu lake linali ku Iringa. Mabuku ambiri amayamikira liwiro limeneli. Ine ndimaona kuti funso loyenera ndi lakuti: liwirolo linachokera kuti? Misewu ya galimoto inali yochepa ndipo dzinja likafika inkafa. Ng'ombe, akavalo ndi abulu ankatha ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Ndiwo atengatenga. Dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi onyamula katundu pafupifupi 200,000. Amesenjala ankafika pamudzi, mfumu n'kuuzidwa chiwerengero cha amuna ofunika, ndipo mfumu yozengereza inkaona zakuda. Ena ankagwidwa usiku, ena ankathawira kutchire kapena kumapiri. Wogwidwayo ankapinda nkhata ya nsanza kapena udzu, kusenza bokosi la zipolopolo kapena thumba la ufa la makilogalamu oposa 20, n'kuyamba ulendo wopanda nsapato, kukwera mapiri ozizira a Livingstone ali ndi kansalu kamodzi. Vuto lina linali lakuti wonyamula ufa nayenso amadya. Ulendo ukatalika, gawo lalikulu la katundu linkathera m'mimba mwa onyamula omwewo, ndiye pankafunika anthu enanso onyamulira onyamula anzawo. Asilikali akamapita patsogolo, midzi ya kumbuyo inkapitirira kutha amuna. Kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri kuposa zipolopolo.

Midzi ya m'mbali mwa nyanja inalipiranso mwanjira ina. Sitima zinkayendera nkhuni, ndipo nkhunizo ankadula ndi kuunjika pamadoko ndi anthu a m'midzi. Chimanga ndi mpunga, makamaka wa ku Nkhotakota, zinkatengedwa kukadyetsa asilikali. Minda inatsala m'manja mwa amayi ndi nkhalamba.

Sikuti anyamata a kuno sanazione ngalande. Mu Disembala 1916 ku Kibata, kum'mwera kwa Tanzania wa lero, asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland anakhala masabata m'maenje odzaza madzi amvula, mizinga ya Majeremani ikuwagwera, adani ali pafupi pongoponyerana mabomba a m'manja. Koma mkulu wa Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, sankafuna kukhazikika. Cholinga chake chinali kutangwanitsa asilikali ambiri a Angerezi kuti asapite ku Ulaya, ndiye akapanikizika ankasamuka. Mu Novembala 1917 anawoloka Ruvuma kulowa ku Mozambique, omulondola ali pambuyo pamodzi ndi mizere yawo ya atengatenga. Anabwerera kumpoto, n'kulowa ku Northern Rhodesia, ndipo anakagonja ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya, kumene akasinja, ndege ndi njira zatsopano zoombera mizinga zinali zitathyola ngalande zija.

Asilikali ndi atengatenga obwerako kunkhondo anapeza njala m'midzi yambiri, ndipo fuluwenza ya 1918 inalowa m'dziko kudzera m'njira zomwe ankadutsa asilikali ndi katundu. Ena anabwera ndi maguba ndi malipenga amene analowa m'magule monga beni ndi mganda, omwe achinyamata a m'boma la Salima amavinabe. Salima lero ndi boma la asilikali: kuli sukulu ya MAFCO, ndipo ku Senga Bay kuli gulu la asilikali odumpha m'ndege. Mayina a asilikali a Keyala amene anafa analembedwa pachipilala cha ku Zomba. A atengatenga ambiri sanalembedwe paliponse, ndipo mabanja ochuluka sanauzidwe n'komwe kumene m'bale wawo anaikidwa.