GABA-A: kachipata kamene kamakhazika ubongo pansi

M'zipatala za boma m'dziko muno, kuphatikizapo chipatala chachikulu cha m'boma la Mwanza, munthu wodwala khunyu kawirikawiri amapatsidwa mapiritsi a phenobarbital, ndipo mwana amene wabwera atakomoka thupi likugwedezeka amalandira diazepam. M'midzi ya boma lomweli, anthu akhala akumwa mapiritsi a Mectizan chaka ndi chaka polimbana ndi nyongolotsi zoyabwitsa thupi. Mankhwala atatuwa ndi osiyana, koma onse amagwira ntchito pa banja limodzi la mapuloteni, omwe ndi tizipata tokhala pakhoma la maselo a minyewa. Mu ubongo wa munthu, chipata chotere chimatchedwa GABA-A. Kudziwa mmene chimatsegukira kumathandiza kumvetsa chifukwa chimene achipatala amaletsera kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi, komanso chifukwa chimene wodwala amene wagwa kwa mphindi zoposa 5 amafunika kuthamangira naye kuchipatala.

Mmene maselo amatumizirana uthenga

Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi maselo otumiza uthenga pafupifupi 86 biliyoni. M'kati mwa selo, uthenga umayenda ngati mphamvu ya magetsi. Koma selo siligundana ndi linzake: pakati pawo pamakhala kampata kotchedwa synapse, kotalika mananomita 20 mpaka 40, pomwe milimita imodzi ili ndi mananomita 1 miliyoni. Kuti uthenga uwoloke kampatako, selo lotumiza limatulutsa mankhwala ake achilengedwe, ndipo selo la tsidya linalo limawalandira kudzera m'mapuloteni olandira uthenga.

Mwa mankhwala achilengedwewa, awiri ndiwo amagwira ntchito yaikulu. Glutamate amautsa selo kuti nalo litumize uthenga, pamene GABA amalitontholetsa. Kuganiza, kuyenda, kugona ndi kulankhula zimatheka chifukwa awiriwa amakokana mofanana mphamvu. Woutsa akapambana wotontholetsa, maselo ambirimbiri amatumiza uthenga nthawi imodzi mosaleza, ndipo munthu amagwa, kuuma thupi kapena kugwedezeka. Kumeneku ndiko kugwa khunyu.

GABA anapezeka mu ubongo m'chaka cha 1950, ndipo mwa amene anamupeza munali Eugene Roberts ndi Sam Frankel a ku St. Louis m'dziko la America. Ubongo umapanga GABA kuchokera ku glutamate yemweyo, mothandizidwa ndi vitamini B6. Mankhwala a chifuwa chachikulu a isoniazid amachepetsa vitaminiyu m'thupi. N'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine pofuna kuteteza minyewa, ndipo munthu akamwa isoniazid wopyola muyeso amatha kukomoka ndi kugwedezeka chifukwa GABA wachepa.

Kapangidwe ka chipata

GABA-A ndi puloteni yopangidwa ndi zigawo 5 zozungulira kabowo pakati, monga mmene magawo a nachesi amazungulirira mphako ya pakati pa chipatsocho. Thupi la munthu limapanga mitundu 19 ya zigawozi, koma chipata chofala kwambiri mu ubongo chimakhala ndi zigawo ziwiri za alpha, ziwiri za beta ndi chimodzi cha gamma. Malangizo a chibadwa opangira zigawo zoyambirira anadziwika m'chaka cha 1987 kudzera m'kafukufuku wa magulu a Eric Barnard ndi Peter Seeburg. Chithunzi chatsatanetsatane cha chipata chokhala ndi zigawo za mitundu itatu yonseyi chinatuluka mu 2018, pogwiritsa ntchito maikulosikopu yamphamvu younikira zinthu zoziziritsidwa kwambiri.

Pamene chigawo cha beta chagundana ndi cha alpha pali kathumba kokwana GABA mmodzi, ndipo chipata chilichonse chili ndi timatumba tiwiri totere. GABA akalowa m'timatumbato, zigawo zija zimapotoloka pang'ono, kabowo ka pakati n'kutseguka. Chimene chimadutsa pamenepo ndi chloride, gawo limodzi la mchere womwe timathira m'ndiwo.

Chloride amanyamula mphamvu ya magetsi ya negetivu. Selo likamapuma, m'kati mwake mumakhala mphamvu pafupifupi mamilivoti -70, ndipo kuti litumize uthenga mphamvuyo iyenera kukwera kufika cha m'ma -55. Chloride akalowa, amaikokera pansi, moti glutamate amavutika kulifikitsa selolo pamlingo wotumizira uthenga. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri, kongoyezeka ndi magawo a sekondi yogawidwa ka 1,000. Kenaka mapuloteni ena amatola GABA wotsala m'kampata kaja, chipata n'kutsekekanso.

Anzake ogwira nawo ntchito

Chipatachi sichigwira ntchito chokha. M'kati mwa selo muli puloteni yotchedwa gephyrin, yomwe imasonkhanitsa zipata ndi kuzimangirira moyang'anizana ndi pamene GABA akutulukira. Popanda gephyrin, zipata zimamwazikana pakhoma la selo ndipo uthenga wotontholetsa umafooka.

Palinso puloteni ya KCC2, imene imapopa chloride kumutulutsa m'selo. Chloride amalowa pachipata chifukwa kunja kwa selo ndi wambiri kuposa m'kati, ndipo KCC2 ndiyo imasunga kusiyana kumeneku. Mu ubongo wa mwana wosabadwa ndi wakhanda, KCC2 imakhala yochepa, pamene puloteni ina yolowetsa chloride, NKCC1, imakhala yambiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka pofotokoza kuvuta kwa kuletsa kukomoka kwa makanda.

Zipata zina, zokhala ndi chigawo cha delta m'malo mwa gamma, zimakhala kutali ndi kampata kaja. Izi zimamva GABA wochepa woyandama pakati pa maselo, ndipo zimatontholetsa selo pang'onopang'ono nthawi zonse. Zimamvanso kwambiri allopregnanolone, amene thupi limapanga kuchokera ku homoni ya progesterone. Homoniyi imatsika mayi akamayandikira kusamba, ndipo amayi ena odwala khunyu amagwa kawirikawiri m'masiku amenewo.

Pamene mankhwala amagwira

Diazepam, amene anapangidwa ndi Leo Sternbach ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1963, salowa m'kathumba ka GABA. Ali ndi malo akeake, pamene chigawo cha alpha chagundana ndi cha gamma. Payekha satsegula chipata, koma GABA akafika, diazepam amachititsa kuti chitseguke pafupipafupi.

Phenobarbital ndi wakale kuposa pamenepo. Dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, ndiye anazindikira mu 1912 kuti mankhwalawa amachepetsa kugwa khunyu. Iwo amagwira m'kati mwa khoma la selo, pafupi ndi kabowo, ndipo amachititsa kuti chipata chikatseguka chichedwe kutsekeka. Akachuluka m'thupi amatha kuchitsegula okha popanda GABA. Apa ndipo pali kuopsa kwake: ubongo ukatonthola mopyola, gawo loyendetsa kupuma nalo limafooka.

Mowa umawonjezera mphamvu ya zipata zomwezi, chimodzimodzinso mankhwala ena ogonetsa munthu pa opaleshoni monga propofol. Munthu womwa phenobarbital kapena diazepam akamwanso mowa, kaya kachasu kaya wa m'botolo, mphamvu za zonsezi zimaphatikizana ndipo akhoza kukomoka kapena kusiya kupuma.

Chifukwa chimene mphindi 5 zilili zofunika

Chiwerengero cha zipata pakhoma la selo sichikhala chimodzimodzi. Selo limameza zina kuzilowetsa m'kati, n'kutulutsa zina zatsopano. Kafukufuku waonetsa kuti kugwa khunyu kukapitirira osaleka, maselo amameza zipata zokhala ndi gamma mofulumira kuposa mmene akuzibwezera. Popeza diazepam amadalira chigawo cha gamma, mphamvu yake imacheperachepera mphindi zikamapita. Mankhwala amene akanaletsa kugwako poyambirira amatha kulephera pakapita theka la ola.

Kugwa kwambiri kumaleka kokha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Kukafika mphindi 5, kapena wodwala akagwanso asanatsitsimuke, akatswiri amakutenga ngati vuto lofuna chithandizo chamsanga. Kwa mabanja a kumadera monga Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo, kumene mayendedwe amatenga nthawi, izi zikutanthauza kuyamba ulendo wa kuchipatala chapafupi mosadikira. Podikira thandizo, wodwala achotsedwe pafupi ndi moto kapena madzi, agonekedwe cham'mbali, ndipo m'kamwa mwake musaikidwe supuni, kamtengo kapena chakumwa. Khunyu sipatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira wodwala.

Ubongo umazoloweranso mankhwala. Munthu akamamwa phenobarbital kapena mowa kwa nthawi yaitali, maselo amasintha chiwerengero ndi mtundu wa zipata zawo kuti agwirizane ndi kutontholetsedwako. Mankhwala akasowa mwadzidzidzi, glutamate amatsala wopanda womuletsa, ndipo wodwala amatha kugwa koopsa kuposa kale. Chidakwa chimene chasiya mowa kamodzin'kamodzi nacho chimatha kukomoka ndi kugwedezeka pakati pa maola 6 ndi 48. Choncho kuchepetsa kapena kusiya mankhwala a khunyu kumachitika pang'onopang'ono, motsogoleredwa ndi achipatala.

Zimene zimasokoneza ubongo

Mu 2001, akatswiri a ku France ndi ku Australia anapeza mabanja amene chigawo chawo cha gamma chinali ndi vuto lachibadwa, ndipo ana awo ankakomoka akatentha thupi kapena kudwala khunyu. Komabe, kuno kwathu khunyu yambiri imayamba chifukwa ubongo wavulala: mwana kubanika pobadwa, ngozi za pamsewu, matenda oumitsa khosi, nyongolotsi za tepi zofala kumene kuli nkhumba, ndi malungo okhudza ubongo. Kafukufuku amene Gretchen Birbeck ndi anzake anachita pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anasindikizidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse amene anachira malungo okhudza ubongo anadzadwala khunyu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 70 mwa 100 alionse akhoza kukhala osagwanso atalandira mankhwala oyenera. M'maiko osauka, atatu mwa odwala anayi alionse salandira chithandizo chimene akufunika.

Msuweni wa chipatachi m'nyongolotsi

Mwanza ndi limodzi mwa maboma 8 a m'chigawo cha Kummwera kumene kumapezeka matenda a onchocerciasis. Ena ndi Neno, yemwe kale anali mbali ya Mwanza, Thyolo, Blantyre, Chikwawa, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Matendawa amayamba ndi nyongolotsi ya Onchocerca volvulus, yofalitsidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga. Amayabwitsa thupi koopsa, kusintha maonekedwe a khungu ndipo nthawi zina kuwononga maso. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu osankhidwa m'midzi akhala akugawa Mectizan, dzina la malonda la ivermectin. Kampani ya Merck inayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 1987, ndipo Satoshi Ōmura ndi William Campbell, amene anatsogolera kupezeka kwake, analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Minyewa ya nyongolotsi ili ndi chipata cha banja lomwelo la GABA-A, chotchedwa GluCl. Nacho chili ndi zigawo 5 ndipo chimalowetsa chloride, koma chimatsegulidwa ndi glutamate. Mu 2011, Ryan Hibbs ndi Eric Gouaux anaonetsa mmene ivermectin amadzilowetsera pakati pa zigawo ziwiri ngati mphero yong'ambira nkhuni, n'kusiya chipata chili chotsegula. Chloride amalowa mosalekeza, ndipo ana a nyongolotsi amafa ziwalo n'kutha. Nyongolotsi zikuluzikulu sizifa, koma zimasiya kuswana kwa miyezi ingapo. Popeza zimakhala ndi moyo zaka 10 mpaka 15, mankhwalawa amafunika kumwa chaka chilichonse kwa zaka zambiri.

Munthu alibe GluCl. Ivermectin atachuluka mu ubongo akhoza kukhudza GABA-A, koma safikamo wambiri. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi malire okhwima, monga a pachipata cha Mwanza polowera ku Zobue, ndipo puloteni ya P-glycoprotein imabweza mankhwalawa m'magazi akangoyesa kudutsa. Mu 1994, Alfred Schinkel ndi anzake ku Amsterdam anapeza kuti mbewa zoyeserera zopanda puloteniyi zinkafa ndi ivermectin wochepa pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi amene akanapha zinzake. Pogawa Mectizan, mlingo umayezedwa ndi msinkhu wa munthu, ndipo ana osafika masentimita 90, amayi oyembekezera ndi odwala kwambiri sapatsidwa.

Matendawa ali ndi mbali inanso yokhudza ubongo. Ku Cameroon, kumpoto kwa Uganda, ku South Sudan ndi ku Mahenge m'dziko la Tanzania, akatswiri anapeza kuti khunyu ndi yochuluka m'midzi imene onchocerciasis yafala kwambiri. Kumpoto kwa Uganda, ana odwala khunyu kumene anachepa ntchito yogawa ivermectin ndi kupha tintchentche itakhwimitsidwa.

Tanthauzo lake kwa wodwala ndi banja lake

M'boma la Mwanza munali anthu oposa 130,000 pakalembera wa 2018, ndipo ambiri amakhala kumidzi. Kwa banja lomwe lili ndi wodwala khunyu, zimene zimachitika pachipata cha GABA-A zimamasulirika m'zinthu zochepa zoyenera kusunga. Mapiritsi amwedwe tsiku lililonse panthawi yake, ngakhale wodwala atatha miyezi osagwa. Ena akatengedwe kuchipatala akale asanathe, makamaka nyengo ya mvula isanawononge misewu. Mowa upewedwe. Mayi amene akufuna kutenga pakati, kapena munthu amene akumwa ma ARV, auze achipatala kuti akumwanso phenobarbital, chifukwa mankhwalawa amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, kuphatikizapo ena olerera. Ndipo wodwala akagwa, wina ayang'ane nthawi pafoni kapena pawotchi, kuti mphindi 5 zikakwana asadikirenso.