Zomwe Moto Unaphunzitsa Omanga

Chilimwe chikafika, moto wolusa umakwera phiri la Mulanje mpaka kumtunda kwa Chambe, n'kupsereza mikungudza yomwe inatenga zaka zambiri kuti ikule. Osamalira nkhalangoyi, yomwe yakhala yotetezedwa kuyambira 1927, amadziwa kuti kumeneko moto ukabuka ngovuta kuuzimitsa, choncho amalambula njira zoutchinga udzu usanaume. Moto amaugonjetsa usanayake. Mbiri ya kamangidwe pakati pa Asilamu imatiphunzitsa zomwezo, ngakhale kuti phunzirolo linkabwera maliro atachitika kale.

Mzinda wa Kufah ku Iraq unakhazikitsidwa cha m'ma 638, mu ulamuliro wa Khalifa Umar (RA), ndipo nyumba zake zoyamba zinali za bango. Zitapsa, Khalifa analola kuti anthu amange ndi zidina. Olemba mbiri amanenanso kuti misewu yake inayezedwa: ikuluikulu mikono 40, tinjira mikono 7. Dothi siligwira moto, ndipo mpata umachedwetsa malawi kulumphira kwa oyandikana nawo.

Mu April 1997, moto wokolezedwa ndi mphepo unasesa matenti a nsalu ku Mina pa nthawi ya Haji, n'kupha anthu oposa 300. Zitatero, boma la Saudi Arabia linaika matenti a ulusi wa galasi wokutidwa ndi Teflon, osayaka msanga, omwe mahaji athu amagonamo lero. Mu September 2017, anthu 23, ambiri mwa iwo ana oloweza Qur'an, anafera pasukulu ina ku Kuala Lumpur. Khomo lokhalo lotulukira linali litagwira moto, ndipo mawindo anali otchingidwa ndi zitsulo.

Tisaone ngati izi ndi zakutali. Mu December 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa pamodzi ndi mabuku ake, ndipo mu April 2018 moto unaononga mbali ina ya chipatala cha boma cha Mangochi.

Pamene tikusonkha ndalama zomangira mizikiti, madrasa ndi zipinda zogona ophunzira, tisaone kupereka pulani kukhonsolo ngati kutaya nthawi. Zomwe malamulo a zomangamanga amafuna zili ndi zifukwa zake. Chipinda chogona anthu ambiri chikhale ndi makomo awiri otalikirana, otsegukira kunja, chifukwa khamu lothawa limakankha chitseko, silichikoka. Zitsulo za pawindo limodzi kapena awiri zizitseguka kuchokera m'kati. Khoma la njerwa lolekanitsa zipinda lifike kumalata, kuti utsi ndi malawi zisayende m'denga. Khitchini italikire kogona, ndipo mawaya aikidwe ndi mmisiri wovomerezeka.

Mtumiki (SAW) anatilangiza kuzimitsa moto tisanagone. Ana omwe makolo amatisiyira ndi amana, ndipo tidzafunsidwa za iwo pamaso pa Allah. Komiti iliyonse iyendere chipinda chawo usiku wina, ione ngati mwana wamng'ono angatulukemo yekha mumdima.