Mbiri ya mauthenga othandiza anthu pa wailesi ya kanema

Mauthenga othandiza anthu ndi zidziwitso zifupizifupi, kawirikawiri za masekondi 30 kapena mphindi imodzi, zomwe zimaonetsedwa pa wailesi ya kanema pakati pa mapulogalamu. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka malonda, koma cholinga chake si kugulitsa sopo kapena chakumwa ayi. Mauthengawa amachenjeza anthu za matenda, ngozi za pamsewu ndi moto wa m'nkhalango, kapena kuwakumbutsa za katemera ndi kalembera. Omwe amawakonza ndi boma kapena mabungwe omwe si aboma, ndipo m'maiko ambiri nyumba zoulutsira mawu zakhala zikuwaonetsa mwaulere.

Nkhani ya ulereyi ndiyo ili pa phata pa mbiri ya mauthengawa. Mphindi ya pa kanema ndi katundu wokwera mtengo, ndipo funso loti ndani alipire mphindiyo, komanso kuti uthengawo uonetsedwe nthawi yanji, ndilo nthawi zambiri lakhala likulamula ngati uthenga ufike kwa anthu kapena ayi.

Chiyambi chake pa nthawi ya nkhondo

Mchitidwewu udakhazikika pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wailesi ya kanema isadafale. M'chaka cha 1942, patangopita miyezi yochepa dziko la America litalowa nkhondoyo, makampani otsatsa malonda adakhazikitsa bungwe lomwe lidadziwika ndi dzina loti War Advertising Council. Ntchito yake inali kulimbikitsa anthu kubwereketsa boma ndalama zoyendetsera nkhondo, kusunga zinsinsi za asilikali, komanso kukopa amayi kuti alowe ntchito m'mafakitale. Mauthenga ankapita pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani.

Nkhondo itatha bungwelo silidathe. Lidapitiriza ntchito pansi pa dzina loti Advertising Council, lomwe pano limangotchedwa Ad Council, ndipo wailesi ya kanema itayamba kulowa m'makomo kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, mauthenga ake adalowa nawo. Ndondomeko yake inali yoti makampani otsatsa malonda akonze uthenga popanda malipiro, ndipo nyumba zoulutsira mawu zipereke nthawi popanda malipiro. Imodzi mwa kampeni zake zakale kwambiri ndi ya Smokey Bear, chimbalangondo chojambula chovala chipewa cha mlonda wa nkhalango, chomwe adachipanga mu 1944 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango pofuna kuchepetsa moto wolusa. Kampeniyi ikupitirirabe.

Dziko la Britain lidatenga njira ina. Kumeneko boma lenilenilo ndilo lidagwira ntchitoyi, poyamba kudzera mu unduna wa zofalitsa nkhani wa nthawi ya nkhondo, kenaka kudzera mu ofesi ya Central Office of Information yomwe idakhazikitsidwa mu 1946. Ofesiyi inkakonza mafilimu m'malo mwa maunduna onse a boma. Mafilimu oyambirira ankaonetsedwa m'nyumba za kanema, ndipo ena otchuka mwa iwo adakonzedwa ndi Richard Massingham, dokotala yemwe adasiya ntchito ya chipatala n'kuyamba kupanga mafilimu oseketsa ophunzitsa anthu zinthu zazing'ono monga kutseka pakamwa ndi mpango poyetsemula. Pomwe wailesi ya kanema yodalira malonda ya ITV idayamba mu 1955, mafilimu a boma ankaikidwa m'mipata yomwe otsatsa malonda sadagule.

M'zaka za m'ma 1970 ofesiyi idatulutsa mafilimu ambiri a ana, ena mwa iwo oopsa dala. Mu 1973 kudatuluka filimu yochenjeza za kusewera m'maiwe, momwe munthu wovala mkanjo wakuda amaima chete kumbuyo kwa ana omwe ali pafupi kugwera m'madzi. Kudalinso kampeni yaitali yolimbikitsa oyendetsa galimoto kumanga lamba. Pa nkhani ya lambayi pali chinthu chofunika kuchidziwa kwa onse okonza ndondomeko za boma: patatha zaka zoposa 10 za mauthenga, oyendetsa galimoto omanga lamba anali asadafike theka. Lamulo lokakamiza kumanga lamba pa mipando ya kutsogolo litayamba kugwira ntchito pa 31 Januwale 1983, chiwerengerocho chidakwera kupitirira 90 pa 100 aliyense. Mauthenga adakonzekeretsa anthu kulandira lamulolo, koma lomwe lidasintha khalidwe ndi lamulo.

Zaka zitatu za nkhondo ya fodya

Umboni wamphamvu kwambiri wa zomwe mauthenga a mtunduwu angachite udachokera ku America pakati pa 1967 ndi 1970, ndipo udabwera mosayembekezereka.

Mu Januwale 1964 mkulu wa zaumoyo m'boma la America, Luther Terry, adatulutsa lipoti lotsimikiza kuti kusuta fodya kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Ngakhale zinali choncho, makampani a ndudu adapitiriza kukhala ena mwa otsatsa malonda akuluakulu pa wailesi ya kanema. Mu 1966 loya wachinyamata, John Banzhaf, adalembera nyumba youlutsira mawu ya WCBS-TV ku New York kupempha nthawi yaulere yoti mbali inayo ya nkhaniyi imveke. Iye adatsamira pa lamulo lomwe linalipo panthawiyo, lotchedwa Fairness Doctrine, lomwe linkati nyumba youlutsira mawu ikapereka mbali imodzi ya nkhani yomwe anthu akutsutsana, iyenera kuperekanso mpata ku mbali inayo. Nyumbayo idakana. Banzhaf adakadandaula ku bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la Federal Communications Commission, ndipo mu Juni 1967 bungwelo lidagamula kuti lamulolo likukhudzanso malonda a ndudu.

Kuyambira pamenepo nyumba iliyonse yoonetsa malonda a fodya idakakamizika kuonetsanso mauthenga otsutsa kusuta, mwaulere, ndipo ena mwa iwo madzulo pomwe mabanja ambiri amakhala akuonera. Mabungwe monga American Cancer Society adapeza mphindi zomwe sakadatha kugula. Umodzi mwa mauthenga omwe adakhudza anthu kwambiri udali wa William Talman, katswiri wa zisudzo yemwe ankadziwika ngati loya wa boma mu sewero la Perry Mason. Talman adajambulitsa uthengawo akudwala khansa ya m'mapapo, akuonetsa mkazi wake ndi ana ake, ndipo adamwalira mu Ogasiti 1968 patangopita milungu yochepa.

M'zaka zimenezo chiwerengero cha ndudu zomwe munthu wamkulu mmodzi ankasuta pa chaka chidatsika motsatizana. Makampani a fodya ataona izi adavomera kuchotsa malonda awo pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema. Mtsogoleri wa dzikolo Richard Nixon adasainira lamulo loletsa malondawo pa 1 Epulo 1970, ndipo chiletsocho chidayamba kugwira ntchito pa 2 Januwale 1971. Ambiri adaona ngati a zaumoyo apambana. Koma malonda a fodya atachoka, udindo woonetsa mauthenga otsutsa kusuta udachoka nawo. Mauthengawo adachepa kwambiri, makampani adasamutsira ndalama zawo ku magazini, zikwangwani ndi masewero, ndipo kasutidwe ka fodya kadakweranso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Akatswiri a zachuma omwe adafufuza nthawiyi adapeza kuti mauthenga otsutsa kusuta ankachepetsa osuta kuposa momwe malonda ankawachulukitsira. Lamulo la Fairness Doctrine lidathetsedwa mu 1987.

Dziko la Britain linali litaletsa kale malonda a ndudu pa wailesi ya kanema mu 1965.

Mwini uthenga

Si uthenga uliwonse wooneka ngati wothandiza anthu womwe mwini wake alibe phindu lomwe akufunapo. Mu 1971 bungwe la Keep America Beautiful lidatulutsa uthenga womwe udatchuka kwambiri, woonetsa munthu wovala ngati Mwenye wa ku America akupalasa bwato pamtsinje wodzaza zinyalala, kenaka msozi ukutsika patsaya lake wina atamuponyera zinyalala kumapazi kuchokera m'galimoto. Pambuyo pake zidadziwika kuti wosewerayo, Iron Eyes Cody, makolo ake anali ochokera ku Italy. Chachikulu kuposa apo n'chakuti ena mwa omwe adayambitsa bungwelo mu 1953 anali makampani opanga zakumwa, mabotolo ndi zitini. Otsutsa adati uthengawo udaika mlandu wonse wa zinyalala pa munthu wotaya, panthawi yomwe madera ena ankakambirana malamulo okakamiza makampaniwo kulandiranso mabotolo awo. Mu 2023 bungwelo lidasiya kugwiritsa ntchito filimuyo ndipo lidapereka umwini wake ku bungwe loimira mitundu ya eni nthaka a ku America.

Edzi

Mliri wa Edzi udaika maboma pa mayeso a mtundu wina, chifukwa kuchenjeza anthu kunkafuna kutchula poyera nkhani za kugonana. Ku Britain nduna yoona za umoyo, Norman Fowler, idakankha kampeni ya 1986 ndi 1987 ngakhale nduna yaikulu Margaret Thatcher adali ndi nkhawa ndi mawu ena omwe adali m'zolembazo. Filimu yodziwika kwambiri pa kampeniyo idaonetsa mwala waukulu wa pamanda ukusemedwa dzina la matendawo kenaka ukugwa pansi, ndipo mawu adalankhula ndi John Hurt. Filimuyo payokha sidafotokoze zambiri. Ntchito yake inali kuuza anthu kuti awerenge kapepala komwe boma lidatumiza ku makomo pafupifupi 23 miliyoni, momwe mudali tsatanetsatane wa momwe kachilombo kamafalira ndi momwe munthu angadzitetezere.

Dziko la Australia lidatulutsa uthenga wake mu Epulo 1987, woonetsa imfa ngati chigaza chovala nsanza chikugwetsa amuna, amayi ndi ana ndi mpira wolemera. Anthu adaukumbukira kwa zaka zambiri, koma udadzudzulidwanso kuti owonera ena adayamba kuona odwala Edzi ngati ndiwo imfayo. Mtsutso woti kodi kuopseza kumathandiza kapena kumangobala tsankho udakalipo pakati pa akatswiri a zofalitsa uthenga wa zaumoyo.

Nthawi yaulere ndi nthawi yogula

Vuto la nthawi yaulere n'lakuti wopereka ndiye amasankha ola. Kafukufuku wa bungwe la Kaiser Family Foundation yemwe adatuluka mu 2002 adapeza kuti nyumba zoulutsira mawu za ku America zinkapereka pafupifupi masekondi 15 pa ola ku mauthenga aulere, ndipo 43 pa 100 ya nthawiyo inali pakati pa 12 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, anthu ambiri ali mtulo.

Komabe kugula nthawi pakokha sikutsimikiza kuti uthenga ugwira ntchito. Mu 1998 boma la America lidayamba kulipira kampeni yaikulu yochenjeza achinyamata za mankhwala ozunguza bongo, ndipo pofika 2004 nyumba ya malamulo inali itavomereza ndalama zoposa madola 1.2 biliyoni. Mu 2006 ofesi younika kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, ya Government Accountability Office, idavomereza zotsatira za kafukufuku yemwe sadapeze umboni woti kampeniyo idachepetsa mchitidwewo pakati pa achinyamata.

Ku Britain boma lomwe lidalowa mu 2010 lidachepetsa kwambiri ndalama zotsatsira mauthenga ake, ndipo ofesi ya Central Office of Information idatsekedwa mu Malichi 2012 itagwira ntchito zaka 66. Maunduna adapitiriza kukonza makampeni paokha, ndipo mliri wa Covid-19 utafika mu 2020 boma lomwelo lidakhala m'gulu la ogula nthawi ya pa kanema akuluakulu m'dzikolo.

Kumwera kwa Africa

M'maiko ena a m'chigawo chino wailesi ya kanema idafika mochedwa. Ku South Africa idayamba mu 1976, ndipo njira yomwe idapambana kumeneko sidali ya uthenga wa masekondi 30 koma ya sewero lalitali. Sewero la Soul City, lomwe lidayamba mu 1994 motsogozedwa ndi madokotala Garth Japhet ndi Shereen Usdin, linkaluka nkhani za Edzi, uchembere ndi nkhanza za m'banja m'miyoyo ya anthu a m'sewerolo, ndipo linkaonetsedwa madzulo chifukwa linkakopa owonera palokha. M'gawo la 1999 anthu oyandikana nyumba adaonetsedwa akumenya mapoto panja pa nyumba ya mwamuna yemwe ankamenya mkazi wake, ndipo pambuyo pake kudamveka malipoti oti anthu m'madera ena adachitadi zimenezo.

Ku Malawi, Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, patatha zaka 35 wailesi ya MBC ikugwira ntchito, ndipo pambuyo pake ziwirizi zidaphatikizidwa. Mauthenga a Edzi, katemera, chisankho ndi kalembera anali atazika kale mizu pa wailesi, ndipo masewero ngati Tikuferanji adamveka pa wailesi n'kuonekanso pa kanema. Bungwe la Pakachere lidabweretsa m'dziko muno njira ya Soul City mogwirizana ndi eni ake a ku South Africa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi banja limodzi mwa mabanja 10 linali ndi wailesi ya kanema, limodzi mwa atatu linali ndi wailesi, pomwe oposa theka anali ndi foni ya m'manja.